Mpando wa mwana m'galimoto: malamulo ake ndi kagwiritsidwe kake

Mpando wa mwana wa m'galimoto ndi kampando kolimba kamene kamamangiriridwa pamwamba pa mpando waukulu wa galimoto. Kali ndi malamba akeake ogwira mwana m'mapewa, m'ciuno ndi pakati pa miyendo. Mukafuna kukafunsa m'masitolo a ku Tete kapena ku Lichinga, chulani dzina lake la Cipwitikizi: cadeirinha. Palinso mtundu wina wa ana okulirapo, umene ulibe malamba. Nchito yake ndi kukweza mwana pang'ono kuti lamba wa galimoto amukwane. Umenewu m'nkhani ino tiziuchula kuti mpando wokweza.

Mwina mukuti, "Ine galimoto ndilibe, ndiye zikundikhudza bwanji?" Zikukukhudzani ndithu. Mwana wanu amakwera chapa popita ku cipatala. Amakwera galimoto ya amalume ake pa ulendo wa kumaliro kapena wa ku ukwati. Ena mwa inu mumalera ana m'nyumba za mabwana, ndipo ndinu amene mumamanga mwana pa mpando m'mawa uliwonse. Ena mumayendetsa galimoto za eni ake. Za amene alibe mpandowu tikambanso kutsogoloku, pakuti ndiwo ambiri.

Galimoto ikaima mwadzidzidzi

Munanyamulapo ndowa ya madzi pa njinga? Mukagwira mabuleki mwadzidzidzi, njinga imaima koma madzi saima. Amapitirira kutsogolo n'kutayika. Thupi la munthu m'galimoto limacita cimodzimodzi. Galimoto ikagunda cinthu, iyo imaima pomwepo, koma aliyense amene sanamangidwe amapitirira ndi liwiro lomwe lija mpaka atagunda mpando wakutsogolo, galasi, kapena msewu weniweniwo.

Makilomita 50 pa ola ndi liwiro la m'tauni, lija timati galimoto siikuthamanga. Koma kugunda khoma pa liwiro limeneli n'cimodzimodzi ndi kugwa kucokera pamalo okwera mamita 10, ngati m'nthambi za mlambe waukulu. Pa kanthawi kogundako, thupi likhoza kukoka ndi mphamvu yoposa kulemera kwake maulendo 20 kapena 30. Khanda la makilo 10 limakhala ngati likulemera makilo 200 mpaka 300. Amenewo ndi matumba a simenti 4 mpaka 6. Ndipo zonsezi zimacitika ngati kuphethira kwa diso.

Ndiye taganizani, amayi: mungagwire matumba 6 a simenti ndi manja awiri? Palibe mayi kapena bambo amene angathe, ngakhale atakhala wamphamvu bwanji. Mwana amacoka m'manja n'kuponyedwa kutsogolo. Ngati wamkuluyo sanamange lamba, thupi lake limabwera pambuyo n'kumupsinja mwanayo.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, limene kuno timalidziwa ndi dzina lakuti OMS, limati caka ciliconse anthu oposa 1 miliyoni amafa pa ngozi za pamsewu. Pakati pa ana ndi acinyamata a zaka 5 mpaka 29, palibe matenda amene amapha ambiri kuposa ngozizi. Bungwe lomwelo limati mpando wa mwana ukhoza kucepetsa imfa za makanda ndi magawo 71 pa 100. Tinene motere: pa makanda 100 amene akanafa pa ngozi, pafupifupi 71 akanakhala ndi moyo akanakhala kuti anamangidwa bwino pa mpando wawo.

Zimene lamulo likunena

Malamulo a pamsewu a dziko lathu la Mozambiki ali m'buku lochedwa Código da Estrada, la m'caka ca 2011. Ndi buku lija amaloweza anthu ofuna karta yoyendetsera galimoto. Bukuli limati woyendetsa ndi okwera azimanga lamba. Pa nkhani ya ana limanena zinthu ziwiri. Coyamba, mwana wosakwana zaka 12 akakwera galimoto yokhala ndi malamba, amangidwe pa mpando wovomerezeka, woyenerana ndi msinkhu wake ndi kulemera kwake. Caciwiri, malo a mwana woteroyo ndi kumpando wakumbuyo. Apolisi a pamsewu akakupezani mutaphwanya lamuloli, akhoza kukulipitsani multa.

Taonani mawu akuti "woyenerana". Mpando wa khanda sungakwane mwana wa zaka 5, ndipo khanda silingakhale pa mpando wokweza. Taonaninso zaka 12 zija. Anthu ambiri amaganiza kuti cadeirinha ndi ya makanda basi, mwana akangoyamba kuyenda zatha. Ayi. Mwana amene ali m'kalasi lacitatu lamulo limamuwerengerabe.

Kunena zoona, eni galimoto ambiri amada nkhawa ndi zikalata za galimoto kuposa lamba wa mwana. Zikalata zikasowa mumalipira ndalama n'kupitiriza ulendo. Za mwana sizitha conco.

Maiko ena ali ndi malamulo awoawo. Ngati mukupita ndi banja ku South Africa, kuja timati ku Joni, dziwani kuti kuyambira m'caka ca 2015 mwana wosakwana zaka 3 ayenera kukhala pa mpando wake m'galimoto. Ku Portugal ndi ku Britain mwana amakhala pa mpando wa ana mpaka atakwanitsa zaka 12 kapena atatalika masentimita 135. Nambala imeneyi ya 135 muisunge, tiipezanso.

Cifukwa cake khanda limayang'ana kumbuyo

Makolo ambiri amadabwa akaona koyamba: khanda lagonekedwa pa mpando, nkhope italoza kumbuyo kwa galimoto. Agogo ena amafika pokalipa, amati mwana wamukhazika cagada ngati katundu.

Kumbukirani mmene mumagwirira khanda polisambitsa. Dzanja limodzi silicoka kunkhongo. Mutu wa khanda ndi waukulu, pomwe khosi likadali lanthete. Pa mwana wongobadwa kumene, mutu wokha ndi gawo limodzi mwa magawo anayi a kutalika kwa thupi lonse. Tsono ngozi zambiri zoopsa ndi zogunda kutsogolo. Khanda likayang'ana kutsogolo, malamba amagwira thupi koma mutu umaponyedwa, ndipo khosi ndi limene limakokedwa. Mtsempha waukulu wa mumsana ukhoza kuduka. Likayang'ana kumbuyo, msana wa mpando umalandira mutu, khosi ndi msana nthawi imodzi, monga mmene cikhatho canu cimacitira pomusambitsa paja.

Nzeru imeneyi inacokera ku Sweden. Dokotala wina wa kumeneko, Bertil Aldman, anaona mmene anthu opita kumwamba ndi roketi amagonera cagada kuti msana wonse ulandire mphamvu ya kunyamuka. M'caka ca 1964 anapanga mpando wa mwana woyang'ana kumbuyo. Mpaka lero ana ambiri a ku Sweden amayenda atayang'ana kumbuyo kufikira zaka 4.

Malamulo atsopano a ku Ulaya amati mwana asatembenuzidwe asanakwanitse miyezi 15. Ine ndinganene kuti musathamangire ngakhale miyezi 15 itakwana. Ngati mpando wanu ukulola, muzimusiya conco mpaka zaka 2 kapena kuposa. Musade nkhawa kuti miyendo yapindika. Ana athu amakhala atapinda miyendo pa mphasa tsiku lonse, sadandaula. Cimene muyenera kuyang'ana ndi mutu: ukafika pafupi ndi nsonga ya mpando, kapena mwana akapitirira makilo olembedwa, mpandowo wamucepera.

Kuwerenga cizindikiro ca pa mpando

Apa ndi pamene kuwerenga kwanu kugwire nchito. Mipando yambiri yogulitsidwa kuno imatsata muyezo wa ku Ulaya, ndipo imakhala ndi kapepala ka mtundu wa lalanje komatidwa kumbuyo kapena pansi pake. Tembenuzani mpando mukafune. Pa kapepalapo pali cilembo E mkati mwa mzere wozungulira. Cilembo cimeneci cikutanthauza kuti mtundu wa mpandowo unayesedwa n'kuvomerezedwa. Nambala yoyandikana ndi E imanena dziko limene linauvomereza: E1 ndi Germany, E11 ndi Britain.

Kenako muona R44 kapena R129. Awa ndi maina a miyezo iwiri. R44 ndi wakale, ndipo umagawa ana potsata kulemera, ndiye muona zilembo kg, kutanthauza makilo. R129 ndi watsopano, unayamba m'caka ca 2013, ndipo umagawa ana potsata kutalika, ndiye muona zilembo cm, kutanthauza masentimita. Nthawi zina pamalembedwanso i-Size. M'makalasi a akuluakulu ndimaona kuti kg ndi cm zimasokoneza anthu ambiri, cifukwa zonse ndi tizilembo tiwiri tating'ono. Ingokumbukirani kuti kg ndi ya pa sikelo, ija mumaona pa thumba la shuga, pomwe cm ndi ya pa tepi ya telala.

Pa mipando ya R44 magulu ake ali motere. Gulu 0+ ndi la makanda kuyambira tsiku lobadwa mpaka makilo 13. Mpando wake uli ndi cogwirira ngati dengu, ndipo m'Cipwitikizi ena amauchula kuti ovo, kutanthauza dzira, cifukwa ca maonekedwe ake. Umayang'ana kumbuyo nthawi zonse. Gulu 1 ndi la makilo 9 mpaka 18, ana a pafupifupi caka cimodzi mpaka zaka 4. Gulu 2 ndi la makilo 15 mpaka 25, ndipo gulu 3 ndi la makilo 22 mpaka 36. Magulu awiri omalizawa ndiwo a mipando yokweza. Pali mipando ina imene imagwira magulu angapo, mumangoisintha mwana akamakula.

Mwaona kuti manambala akulowerana? Mwana wa makilo 11 akhoza kukhala m'gulu 0+ kapena m'gulu 1. Zikatero, musiyeni m'gulu laling'onolo mpaka atalimaliza.

Pambuyo pa R44 pamakhala nambala ina. R44/04 ndi R44/03 ndi yabwino. Mukaona R44/01 kapena R44/02, mpandowo ndi wakale kwambiri, usiyeni.

Kulemera kwa mwana musacite kuyerekeza ndi maso. Kuli pa kartau yake ya kusikelo, pa mzere womaliza umene anamwino analemba. Zaka zokha zikhoza kukunamizani, pakuti ana awiri obadwa mwezi umodzi akhoza kusiyana ndi makilo angapo.

Kumanga mpando ndi kumanga mwana

Pali kumanga kuwiri: kumangirira mpando ku galimoto, ndi kumanga mwana mu mpandomo. Kumodzi kukalakwika, kwinako sikuthandiza.

Mipando yambiri imamangiriridwa ndi lamba wa galimoto. Pa mpando pali timipata topititsamo lambayo, ndipo timipatato tili ndi mitundu, kuti ngakhale munthu wosadziwa cinenero ca pa pepala la malangizo asasocere. Pa mipando ya R44, mtundu wa buluu ukuonetsa njira ya lamba pamene mpando wayang'ana kumbuyo, ndipo wofiira ukuonetsa njira yake pamene wayang'ana kutsogolo. Pa mipando yatsopano mupeza mtundu wobiriwira. Pititsani lamba, kanikizani mpando ndi bondo kapena ndi dzanja, kokani lamba mpaka atalimba. Kenako gwirani mpando pafupi ndi pamene lamba wadutsa, muugwedeze. Usasunthe kuposa masentimita 2 kapena 3, ngati kukula kwa zala ziwiri.

Galimoto zambiri zatsopanoko zili ndi njira ina yochedwa ISOFIX. Pisani dzanja pakati pa pokhalira ndi potsamira pa mpando wakumbuyo. Mukakhudza tizitsulo tiwiri, ndi timeneto. Mpando wa ISOFIX uli ndi mano awiri amene amaluma tizitsuloto, mumamva kuti khe, ndipo kacizindikiro kamasintha kucoka pa kofiira kukhala kobiriwira. Mipando yotereyi imakhalanso ndi mwendo wotsamira pansi pa galimoto, kapena cingwe ca pamwamba cokola kumbuyo kwa mpando waukulu. Musazisiye zikulendewera. Ndi zimene zimaletsa mpando kugubuduka kutsogolo.

Tsopano mwana. Malamba asapotoke, agone bwino ngati lamba wa buluku. Pa mpando woyang'ana kumbuyo, malamba atulukire pa mzere wa mapewa kapena m'munsi pang'ono. Pa woyang'ana kutsogolo, atulukire pa mzere wa mapewa kapena pamwamba pang'ono. Mukatseka, kokani mpaka alimbe, kenako yesani kutsina lamba paphewa ndi zala ziwiri. Ngati mwatha kumupinda, akadali wokhwepa. Amayi ambiri amacita cifundo apa, amati ndimupweteka mwana. Lamba wolimba bwino sapweteka. Wokhwepa ndi amene amalola mwana kusolola manja, ndipo pa ngozi mwanayo amatulukira pamwamba.

Inu a ku Ulónguè, ku Tsangano ndi ku Lichinga, kumene mwezi wa Junyu ndi Julyu kumazizira mpaka kulowa m'mafupa, mvetserani ici. Jekete lokhuthala limanamiza. Lamba amaoneka wolimba, koma walimba pa thonje la jekete, ndipo pa ngozi thonjelo limaphwa n'kusiya mpata. Muvuleni jekete, mumange, kenako mumufunditse bulangeti kapena kapulana pamwamba pa malamba.

Mpando wokweza, ndi tsiku limene mwana angausiye

Lamba wa galimoto amene timamudziwa lero, wodutsa paphewa ndi m'ciuno, anapangidwa ndi Nils Bohlin wa kampani ya Volvo m'caka ca 1959. Anamupanga kuti azigwira pa mafupa olimba a munthu wamkulu: mafupa a m'ciuno, a pacifuwa ndi a paphewa. Mwana wa zaka 6 akakhala pa mpando waukulu, lambayo safika m'malo amenewa. Wam'munsi amakwera n'kugona pamimba. Wam'mwamba amadutsa pakhosi. Pa ngozi, lamba wa pamimba amafinya matumbo ndi ciwindi, ndipo akhoza kuvulaza msana. Wa pakhosi amasowetsa mwana mtendere, ndiye mwanayo amamupititsa kunkhwapa kapena kumbuyo kwa msana, inu kutsogoloko osadziwa.

Mpando wokweza umakonza zimenezi. Umakweza mwana kuti lamba wam'munsi agone pa nchafu, pafupi ndi mafupa a m'ciuno, ndipo wam'mwamba adutse pakati pa phewa. Ulipo wokhala ndi potsamira, ulipo wongokhala pokhalira pokha. Wa potsamira ndi wabwino kuposa winawo, cifukwa umachinga mutu galimoto ikagundidwa m'mbali, komanso umagwira mwana akagona tulo. Mpando wokweza umafuna lamba wa paphewa ndi m'ciuno. Pa malo a pakati okhala ndi lamba wa m'ciuno yekha, musauikepo. Pilo kapena bulangeti lopinda silingalowe m'malo mwake, cifukwa limatereka n'kucoka pansi pa mwana.

Nanga adzausiya liti? Tengani tepi ya telala, yezani masentimita 135 kucokera pansi pa mphuthu ya citseko, mulembe mzere ndi khala. Mwana amene mutu wake sunafike pa mzerewo, lamba wa akulu sangamukwane. Ena amamukwana atafika 150. Ndiye akafika pa mzere, muyeseni m'galimoto momwemo. Akhale msana utagunda potsamira. Mawondo apindike pa mlomo weniweni wa mpando. Lamba wam'munsi akhale pa nchafu, wam'mwamba pakati pa phewa. Ndipo athe kukhala conco ulendo wonse osatsetsereka. Cimodzi cikalephereka, abwerere pa mpando wokweza, ngakhale anene kuti anzake amuseka.

Mpando wakutsogolo ndi airbag

Kutsogolo kwa wokwera, m'galimoto zambiri muli thumba la mpweya lobisika, dzina lake airbag. Pa ngozi limafufuma mwadzidzidzi, pa liwiro lofika makilomita 300 pa ola. Munthu wamkulu womanga lamba limamuteteza. Koma likamenya kumbuyo kwa mpando wa khanda woyang'ana kumbuyo, limamenya pamene pali mutu, ndipo likhoza kupha. Tsitsani kochinga dzuwa ka pamwamba pa galasi, mupezapo cithunzi ca cenjezo limeneli.

Vuto limakhalapo pa galimoto za kabini imodzi, zopanda mpando wakumbuyo, zimene zili zambiri m'madera a ulimi. Mpando wa khanda ungaikidwe kutsogolo pokhapokha ngati galimotoyo ilibe airbag kumbali ya wokwera, kapena ngati yazimitsidwa. Galimoto zina zili ndi pozimitsira pogwiritsa kiyi. Kwa mwana wamkulupo woyang'ana kutsogolo, kankhirani mpando wa galimoto kumbuyo mpaka pothera.

Kugula wogwiritsidwapo kale nchito

Mpando watsopano ndi wodula, tisanamizane. Ambiri amagula pa kalamidade, paja ena amati pa kaunjika, kapena kulandira kwa m'bale. Wa m'bale uli bwino cifukwa mbiri yake mukuidziwa. Wa pamsika simungadziwe ngati unakhalapo pa ngozi, ndipo mpando umene unagundidwapo ukhoza kukhala ndi ming'alu yosaoneka. Ngati palibe kucitira mwina, cotsani nsalu yake muone pulasitiki yense. Pasakhale mng'alu kapena malo oyera ngati pulasitiki anapindidwapo. Malamba asakhale othetheka kapena osokedwa ndi singano. Cotsekera cizilira potseka ndipo cisatseguke mukacikoka. Kapepala ka lalanje kaja kakhalepo.

Funaninso caka cimene unapangidwa, cimadindidwa pa pulasitiki pansi pake. Makampani ambiri amati mpando ugwire nchito zaka 6 mpaka 10. Pulasitiki amakalamba. Mukudziwa mmene beseni limathetekera likakhalitsa pa dzuwa la ku Tete.

Mpando wa khanda umagwira nchito caka cimodzi ndi miyezi ingapo basi, kenako mwana wakula. Mabanja a pacibale akhoza kugula umodzi n'kumapatsirana. Ena akhoza kudikira ndalama ya xitique n'kugula mwana asanabadwe, cifukwa ulendo woyamba wa khanda ndi wocokera ku cipatala.

Pamene mpando palibe

Pano tifike pa chapa, pakuti ndi mmene ambirife timayendera, kaya pa msewu wa N7 wocokera ku Tete kupita ku Zóbuè pakati pa malole akuluakulu, kaya potsetsereka kucokera ku Lichinga kupita ku Metangula. Palibe njira imene ingafanane ndi mpando wa mwana. Komabe malo ena ndi oopsa kuposa anzake, ndipo kusankha kuli ndi inu.

Ndi mwana musakhale kutsogolo pafupi ndi woyendetsa, ngakhale akuitanireni mwaulemu kuti mayi bwerani kuno kuli malo abwino. Musakhalenso pakhomo pamene pamaima kobrador, cifukwa citseko cimatsegulidwa galimoto isanaime. Funani mizere ya pakati. Mukalawira pa siteji mumasankha malo. Mukafika mocedwa mumalandira otsala.

Khanda limene lili kumsana, limasuleni musanakhale pansi, mulibweretse kutsogolo. Galimoto ikagunda kapena ikalumpha pa dzenje, thupi lanu limabwerera kumbuyo mwamphamvu, ndipo khanda limapanikizika pakati pa msana wanu ndi mpando.

Ngati pa malo anu pali lamba, mangani inuyo, mwana akhale kunja kwa lambayo. Musazungulize lamba mmodzi pa anthu awiri. Mukatero, pa ngozi kulemera kwanu konse kumafinyira mwana pa lamba. Cimodzimodzinso ana awiri asagawane lamba mmodzi, mitu yawo imagundana.

Mwana wa zaka 3 kapena kuposa ali bwino pa mpando wakewake atamanga lamba wa akulu kusiyana ndi kukhala pamiyendo panu wosamangidwa. Ndikudziwa kuti wa pamiyendo salipira, ndipo ndalama ya malo aciwiri ndi ya ndiwo za tsiku limenelo. Koma pa ulendo wautali, m'basi yokhala ndi malamba, ndalama imeneyo ndi yoyenera kuilipira ngati ilipo.

Kumbuyo kwa galimoto yotsegula, ija timati caixa aberta, si malo a mwana. Kulibe lamba, kulibe denga, ndipo galimoto ikakhota mwamphamvu munthu amaponyedwa kunja. Kumidzi kwina galimoto ndi yomweyo basi, imabwera kamodzi pa tsiku. Zikatero pemphani kuti mwana ndi mayi ake alowe mu kabini. Zikakanika, mwana akhale pansi penipeni, pafupi ndi kabini, pakati pa akuluakulu. Asakhale pa mlomo wa galimoto kapena pamwamba pa matumba a cimanga.

Pa njinga yamoto, mwana wamng'ono sangathe kugwira mwamphamvu nthawi yaitali, mapazi ake safika popondera, ndipo tulo timamupeza mosayembekezera. Kapasete wa munthu wamkulu amagwedera pa mutu wake ndipo amavuka pa kugwa. Amayi, musanakwere pindani bwino nsonga za kapulana, cifukwa zikakodwa mu cheni kapena mu gudumu zimakugwetsani pamodzi ndi mwana.

Ndipo ngati woyendetsa akununkha mowa kapena akuthamanga mopitirira, lankhulani. Mukayamba inu, ena amene anali cete amavomereza. Akapanda kumva, tsikani pa siteji yotsatira.

Pa ulendo, ndi pambuyo pa ngozi

Khanda likalira kufuna bere, imitsani galimoto pamalo abwino, muyamwitse, mulibwezere pa mpando. Kulimasula galimoto ikuyenda, ngakhale kwa mphindi zocepa, ndi kulibwezera m'manja muja tinakamba. Pa ulendo wautali muziima pakatha maola awiri aliwonse kuti khanda lituluke mu mpando liwongoke. Mwana wamkulupo amene amakonda kumasula lamba, muuzeni kuti galimoto siyenda mpaka atamanga, ndipo muziimadi. Akaona kuti abambo ake nawonso amamanga, sacedwa kuzolowera.

Kuno timayenda kumanzere kwa msewu, conco mwana azikwera ndi kutsikira citseko ca kumanzere, kumbali kopanda galimoto zodutsa. M'mphepete mwa citseko cakumbuyo muli kabatani kamene kamaletsa citseko kutseguka kucokera mkati. Katsekeni.

Mwana asatsale yekha m'galimoto yoima, ngakhale mukungolowa m'sitolo. M'galimoto yotseka mumatentha msanga kuposa kunja, ndipo thupi la mwana limatentha mofulumira kuposa la wamkulu. Kutsegula galasi pang'ono sikuthandiza. M'miyezi yotentha ya Outubro ndi Novembro, gwiraninso zitsulo za malamba musanakhazike mwana, cifukwa zimaocha khungu. Mukasiya galimoto pa dzuwa, phimbani mpando ndi kapulana.

Ngozi ikacitika, pitani ndi mwana ku cipatala ngakhale akuoneka bwino ndipo akusewera. Kuvulala kwa m'mutu ndi kwa m'mimba nthawi zina kumaonekera patapita maola. Mukaona kusanza, kugona kosadzutsika bwino, kulira kosatonthozeka, kupweteka kwa m'mimba, kapena mkwingwirima pamene panadutsa lamba, musadikire kuti kuce. Auzeni anamwino pamene mwana anakhala ndi mmene anamangidwira.

Mpando umene unali m'galimoto pa ngozi yaikulu wamaliza nchito yake, ngakhale ukuoneka wabwinobwino. Musaupereke kwa m'bale. Dulani malamba ake ndi mpeni musanautaye, kuti wina asautole n'kukaugulitsa pamsika.